Zikang'a ndi Kuuma kwa Mapazi m'Komboni ya Wusakile

Kuyambira mwezi wa May, pamene mvula imakhala itatha m'chigawo cha Copperbelt, kufikira mu October pamene dzuwa limaswa mtengo, anthu ambiri a m'makomboni a mzinda wa Kitwe amavutika ndi chinthu chimodzi chimene kawirikawiri sapita nacho kuchipatala. Khungu la kumapazi limauma, limatuwa ngati lawazidwa phulusa, limafunduka timamba toyera, ndipo kwa ena zidendene zimang'aluka mpaka kutuluka magazi. Ming'alu imeneyi Anyanja amaitcha zikang'a. Ambiri amaiona ngati chinthu chochititsa manyazi basi, chizindikiro cha munthu wosasamba kapena wosowa nsapato, kotero amangoibisa m'masokosi.

Phazi louma la munthu mmodzi likhoza kuoneka chimodzimodzi ndi la mnzake, pamene zoyambitsa zake zili zosiyana kotheratu. Wina ndi kuuma wamba kobwera ndi nyengo, wina ndi matenda a fangasi, ndipo wina ndi chizindikiro choyamba chakuti shuga wayamba kuwononga minyewa ya m'miyendo. Chithandizo choyenera mmodzi wa anthu atatuwa chikhoza kumupweteka winayo.

Ku Wusakile mitundu itatu yonseyi imapezeka nthawi zina m'nyumba imodzi. Komboni imeneyi inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi kampani ya Rhokana Corporation kuti muzikhala ogwira ntchito pa mgodi wa mkuwa wa Nkana, ndipo pakati pa amene anadzakhalamo panali anthu ochokera ku Chipata, ku Petauke ndi ku Nyasaland. Mgodiwo, umene pambuyo pake unakhala m'manja mwa ZCCM, unagulitsidwa m'chaka cha 2000 ndipo ukuyendetsedwa ndi kampani ya Mopani Copper Mines. Kufikira lero m'komboniyi muli mapazi a mitundu iwiri: mapazi a anthu amene amakhala tsiku lathunthu atatsekeredwa m'majombo, ndi mapazi a amayi, ana ndi ochita malonda amene amaponda fumbi ndi mapatapata kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Chifukwa chake phazi limauma msanga

Khungu la thupi lonse lili ndi timatumba ting'onoting'ono totulutsa mafuta, ndipo mafuta amenewa ndiwo amatchinga madzi kuti asamauluke. Pansi pa phazi ndi m'chikhatho mulibe timatumba timeneti. Phazi limadalira thukuta lokha kuti likhale lofewa. Komanso khungu la pansi pa phazi ndi lokhuthala kuposa la pena paliponse, ndipo likamapondedwa ndi kukhuzika limaonjezera kukhuthalako pofuna kudziteteza.

Mkati mwa chidendene muli mnofu wamafuta umene umagwira ntchito ngati mtsamiro. Munthu akaponda pansi, mnofuwo umaphwanthalala n'kukankha khungu la m'mbali. Khungu lofewa limatamuka n'kubwerera m'malo, koma louma ndi lolimba silingatamuke, choncho limang'aluka monga limachitira dothi la m'dambo m'chilimwe. N'chifukwa chake zikang'a zimayambira m'mphepete mwa chidendene osati pakati. Nsapato yotseka kumbuyo imagwira mnofu uja kuti usaphwanthalale kwambiri, pamene patapata saugwira konse. Amayi amene amaima maola ambiri pa simenti mumsika wa Chisokone, anthu onenepa, ndi okalamba amene khungu lawo latha mphamvu, ndiwo amagwidwa msanga.

M'miyezi ya June ndi July mpweya umakhala wouma ndi wozizira, ndipo anthu amasamba madzi otentha kwambiri, amene amasukuluza mafuta ochepa omwe anali pakhungu. Mu August mphepo imautsa fumbi, ndipo fumbi limayamwa chinyezi. Amene amafunafuna miyala pa mulu waukulu wa zotsalira za m'ng'anjo yosungunulira mkuwa, umene umatchedwa Black Mountain, amaponda tizidutswa takuthwa ngati galasi timene timatema khungu louma mosavuta. Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi sopo wochapira zovala, waufa kapena waphala. Sopo ameneyu anapangidwa kuti achotse mafuta pansalu, ndipo amachita chimodzimodzi pakhungu la mayi amene waima m'thovu pochapa, kapena la munthu amene amasambira sopoyo chifukwa wosambira watha. Simenti yaiwisi nayonso imawotcha ndi kuumitsa mapazi a anthu omanga nyumba ndi oumba mabuloko.

Kasamalidwe ka phazi louma wamba

Mfundo yaikulu ndi yakuti madzi ayambe, mafuta atsatire. Mafuta a Vaseline ndi ena ofanana nawo alibe madzi m'kati mwake. Ntchito yawo ndi kutseka pamwamba kuti madzi amene alowa kale m'khungu asatuluke. Munthu akapaka pa phazi louma lafumbi m'mawa, phazilo limangonyezimira kwa ola limodzi kenaka n'kukola fumbi lochuluka kuposa poyamba. Nthawi yabwino yopakira ndi madzulo, atangotha kusamba, khungu lisanaumiretu.

Viikani mapazi m'beseni la madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi 10. Kupitirira pamenepo sikuonjezera ubwino uliwonse. Khungu likafewa, likhuleni pang'onopang'ono ndi mwala wosalala wokhulira mapazi kapena ndi chinkhupule, kungochotsa zakufa zapamwamba. Pukutani bwino, makamaka pakati pa zala, ndipo pakani mafuta ochuluka pachidendene ndi pansi pa phazi, kenaka valani masokosi oyera athonje n'kugona nawo. Pakati pa zala musapakepo mafuta, pakuti pamenepo pamafunika kukhala pouma. Kupaka kuzichitika usiku uliwonse, koma kukhula ndi mwala kawiri pa mlungu n'kokwanira.

Pa nkhani ya mwala ambiri amalakwitsa chifukwa cha khama. Pali chizolowezi chokwecha chidendene pa khonde la simenti kapena ndi chibenthu cha njerwa yowotcha mpaka khungu litafiira. Thupi limamva kukwechako ngati kuvulazidwa, ndipo limayankha pomanga khungu lokhuthala kuposa limene lachotsedwa. Choipitsitsa ndi kusenga khungu ndi lezala kapena mpeni. Dzanja silidziwa pamene khungu lakufa lathera, ndipo lezala lobwerekana likhoza kupatsira kachilombo ka HIV ndi ka matenda a chiwindi a hepatitis B.

Kwa amene angakwanitse, m'masitolo a mankhwala mumapezeka mafuta okhala ndi urea. Urea amakoka madzi ndiponso amafewetsa khungu lolimba kuti lifunduke lokha. Mafuta okhala ndi 10 peresenti ndi okwanira pa kuuma wamba, ndipo a 25 peresenti ndiwo amagwiritsidwa ntchito pa zidendene zokhuthala. Amatha kulumaluma akalowa m'ming'alu yotseguka. Gilisalini, amene amayi ambiri amamudziwa kale, nayenso amakoka madzi, ndipo amagwira bwino akasakanizidwa ndi madzi pang'ono n'kupakidwa Vaseline pamwamba pake. Ngati zonsezi palibe, mafuta ophikira oyera amathandiza ndithu, ngakhale sakhalitsa pakhungu. Munthu wochita zimenezi mosadumphitsa amayamba kuona kusintha pakatha milungu iwiri, ndipo kuchira kwenikweni kumatenga mwezi kapena kuposerapo, pakuti khungu latsopano limatenga nthawi yotere kuti lifike pamwamba.

Mng'alu umene wazama mpaka kutulutsa magazi uyenera kuonedwa ngati chilonda. Utsukeni ndi madzi owiritsa atazizira, muikepo pulasitala wokoka mbali ziwirizo pamodzi, ndipo muvale nsapato yotseka kufikira utapola. Dothi likalowa m'chilonda chotere likhoza kubweretsa kafumbata, choncho munthu amene papita zaka zambiri asanabayitse katemera wake ndi bwino akafunse kukiliniki. Oyilo wakuda wa galimoto, madzi a mabuleki ndi asidi wa m'batire, zimene ena amalangizana m'magalaja, zimawotcha mnofu ndipo sizichiza kanthu.

Pamene mafuta sakuthandiza: fangasi wa m'majombo

Wogwira ntchito pansi pa mgodi ali ndi vuto losiyana. Kumeneko kumatentha ndipo kumakhala madzi, ndipo jombo ya mphira situlutsa thukuta. Phazi limakhala lonyowa shifiti yonse, kenaka limaponda pa simenti ya bafa imene anthu mazana apondapo tsiku lomwelo. Malo otere ndiwo amakondedwa ndi fangasi amene amadya khungu lakufa lapamwamba. Kafukufuku amene anachitika m'migodi ya malasha ku Britain, amene zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 1957, anapeza matendawa pa munthu pafupifupi 1 mwa ogwira ntchito 5 alionse, ndipo mabafa apamgodi ndiwo anaoneka kuti amawafalitsa kwambiri. Alonda, asilikali, ophunzira a m'sukulu zogonera komweko ndi anyamata osewera mpira ali pa chiopsezo chomwecho.

Mtundu wodziwika kwambiri ndi uja wa pakati pa zala, makamaka pakati pa kachala komaliza ndi kotsatana nako. Khungu limayera ngati lavikidwa m'madzi, limanyeka, limayabwa ndipo limang'ambika. Uwu sumavuta kuuzindikira. Umene umanamiza anthu ndi mtundu wachiwiri, umene umakuta pansi pa phazi ponse ndi m'mbali mwake ndi timamba toyera touma ngati ufa, mizere ya khungu n'kuoneka ngati yalembedwa ndi choko. Nthawi zina suyabwa n'komwe. Munthu amatha zaka akupaka mafuta, timambato timabisala usiku umodzi n'kubwereranso.

Pali zizindikiro zingapo zothandiza kusiyanitsa. Kuuma wamba kumagwira mapazi onse awiri mofanana ndipo kumachepa m'dzinja. Fangasi kawirikawiri amayamba phazi limodzi, amakhala ndi malire ooneka m'mbali mwa phazi, ndipo sasamala za nyengo. Ngati zikhadabo zakhuthala, zasanduka zachikasu kapena zikunyenyeka, n'kutheka kuti fangasi alipo. Nthawi zina chikhatho cha dzanja limodzi, lija limene munthu amakandira, chimayambanso kufunduka, ndipo matendawa amatha kufika m'mphechepeche kudzera m'thawulo.

Mankhwala ake ndi opaka, monga clotrimazole kapena miconazole, kawiri pa tsiku kwa milungu 4, kapena terbinafine amene pa matenda a pakati pa zala amagwira ntchito m'mlungu umodzi kapena iwiri. Mafuta akale a Whitfield, osakaniza asidi wa benzoic ndi wa salicylic, ndi otsika mtengo ndipo amathandiza pa khungu lokhuthala. Cholakwa cha ambiri ndi kusiya mankhwala kuyabwa kukangotha, fangasi asanafe. Matenda akakuta phazi lonse kapena akalowa m'zikhadabo, mankhwala opaka okha sakwanira. Pamafunika mapiritsi akumwa kwa milungu ingapo, kapena miyezi itatu ndi kuposerapo ngati ndi zikhadabo, ndipo awa ayenera kulembedwa ndi dokotala chifukwa amatha kukhudza chiwindi ndi kusemphana ndi mankhwala ena, kuphatikizapo a TB ndi ena otalikitsa moyo.

Chenjerani ndi timachubu togulitsidwa m'misika ndi m'misewu tokhala ndi betamethasone kapena clobetasol, tomwe tija ena amayeretsera khungu la kunkhope. Timathetsa kuyabwa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake timatamandidwa, koma timafooketsa chitetezo cha khungu ndipo fangasi amafalikira mobisika. Bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2013, ndilo limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala m'dziko la Zambia, ndipo mankhwala apakhungu ndi bwino kuwagula kwa amene ali ndi chilolezocho.

Popanda kusintha kasamalidwe ka jombo, matendawa amabwerera. Masokosi azisinthidwa tsiku ndi tsiku ndi kuyanikidwa padzuwa atatembenuzidwa. Jombo izitsukidwa mkati ndi kuumitsidwa, ndipo wokhala ndi ziwiri azisinthanitsa. M'bafa la anthu ambiri mapatapata ndi othandiza kwambiri, ndipo apa ndi pamene nsapato imene imabweretsa zikang'a imasanduka mtetezi. Thawulo, mwala wokhulira ndi chowengera zikhadabo za wodwalayo zisagwiritsidwe ntchito ndi banja lonse.

Palinso vuto lina la m'majombo limene limadza ndi fungo loipa kwambiri ndi timaenje ting'onoting'ono pansi pa phazi. Limeneli limayambitsidwa ndi mabakiteriya, choncho mankhwala ake ndi ena ndipo amaperekedwa kukiliniki.

Phazi la munthu wodwala shuga

Apa ndi pamene nkhani ya zikang'a imafika pa moyo weniweni. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS, amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2017, anapeza kuti anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse a zaka zapakati pa 18 ndi 69 m'Zambia anali ndi shuga wokwera m'magazi. Matendawa amatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwini wake asakudziwa.

Shuga akakhala wokwera kwa nthawi yaitali amawononga minyewa, kuyambira ija yaitali kwambiri yofika kuzala za kuphazi. Mwa minyewa imeneyi muli imene imalamula thukuta. Ikafa, phazi limasiya kutuluka thukuta, ndipo popeza linalibe kale mafuta akeake, limauma kotheratu ndi kung'aluka. Minyewa yomva ululu imafanso, kotero kuti munthu amayenda tsiku lonse ndi kamwala kapena msomali m'nsapato osamva kanthu. Pa nthawi yomweyo mitsempha ya magazi imachepa njira, chilonda sichipola msanga, ndipo thupi limalephera kulimbana ndi tizilombo. Mng'alu umene kwa munthu wina ukanapola m'mlungu umodzi, kwa wodwala shuga ukhoza kufika pa fupa. Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga inayamba ndi kachilonda kakang'ono kotere. Kukula kwa vutoli ndiko kunachititsa kuti tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse, limene limakhala pa 14 November, m'chaka cha 2005 likhale ndi mutu wa kasamalidwe ka mapazi.

Malangizo ena amene aperekedwa pamwambapa sagwira kwa wodwala shuga. Iye asaviike mapazi m'madzi, angowasambitsa ndi kuwapukuta. Asakhule ndi mwala pokhapokha atauzidwa ndi achipatala, ndipo asapake mafuta a Whitfield kapena mankhwala alionse okhala ndi asidi wa salicylic. Madzi osamba aziwayesa ndi chigongono, osati ndi phazi. M'nyengo yachisanu, makamaka magetsi akathima ndipo banja lazungulira mbaula, asayandikize mapazi kumakala, chifukwa phazi ladzanzi limapsa mwini wake akucheza. Asayende wopanda nsapato ngakhale pabwalo la nyumba yake, ndipo asanavale nsapato azipisamo dzanja. Mafuta azipaka tsiku lililonse, kupatula pakati pa zala.

Koposa zonse, aziyang'ana mapazi ake madzulo aliwonse, pamwamba, pansi ndi pakati pa zala. Amene sangathe kuwerama kapena maso ake achita khungu agwiritse ntchito galasi loika pansi, kapena apemphe mwana kapena mdzukulu. M'mabanja ambiri si chapafupi kuti mwana agwire phazi la atate ake kapena la apongozi, koma pa matenda awa ulemu wotere uyenera kupatuka pang'ono.

Munthu amene sanayezedwepo shuga, koma mapazi ake ayamba kuuma mwachilendo pamodzi ndi dzanzi, kutentha ngati moto usiku, kumva ngati akuponda pa thonje, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena kuonda kosadziwika chifukwa, ayenera kukayezetsa. Kuyezako ndi kwa kadontho kamodzi ka magazi a pachala.

Zoyambitsa zina ndi nthawi yopita kuchipatala

Pali matenda enanso amene amaumitsa mapazi. Chikanga chobadwa nacho chimakonda ana, ndipo matenda a psoriasis amabweretsa mamba okhuthala pansi pa phazi, m'maondo ndi m'mutu. Chithokomiro chikafooka, khungu lonse limauma ndipo munthu amamva kuzizira ndi kutopa. Kachilombo ka HIV nakonso kamaumitsa khungu ndi kuchititsa kuti fangasi avute kuchiza. Amene amadalira nsima yokha popanda nyemba, nsawawa, kapenta kapena nyama, makamaka akamamwanso mowa kwambiri, amatha kudwala pellagra, imene imadetsa ndi kufundula khungu la pamwamba pa phazi, la m'manja ndi la m'khosi, malo amene amaombedwa ndi dzuwa. Khate lachepa kwambiri m'Zambia koma silinatheretu, ndipo phazi louma ladzanzi lokhala ndi mawanga otuwa osamva kukhudza pathupi liyenera kuonetsedwa kwa dokotala. Mankhwala a khate amaperekedwa kwaulere.

Munthu aliyense apite kuchipatala ngati wasamalira mapazi kwa mwezi wathunthu popanda kusintha. Apite tsiku lomwelo ngati mng'alu watulutsa mafinya, ngati phazi latupa, lafiira kapena latentha, ngati wachita mwanabere m'mphechepeche, kapena ngati thupi latentha. Wodwala shuga asadikire zonsezi: chilonda chilichonse, thuza, kapena chala chimene chayamba kuda ndi chifukwa chokwanira chopitira mawa lisanafike, ngakhale sakumva ululu.

Anthu a ku Wusakile amayambira kukiliniki yapafupi, kapena ku chipatala cha mgodi cha Wusakile kwa amene ali ndi mwayi wothandizidwa kumeneko, ndipo matenda ovuta amatumizidwa ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital. Wodwala shuga ayenera kupimidwa mapazi kamodzi pa chaka ngakhale akuoneka abwino. Popima, namwino kapena dokotala amagwira mitsempha ya pamwamba pa phazi ndi ya kumbuyo kwa kakolo kuti amve ngati magazi akuyenda, ndipo amakhudza pansi pa phazi ndi kaulusi kolimba ka nayiloni, wodwalayo atatsinzina, kuti aone malo amene afa. Pamene pali mzere wautali wa odwala, kupima kumeneku kumadumphidwa mosavuta, choncho wodwala shuga polowa m'chipinda cha dokotala avuliretu nsapato ndi masokosi.